VA ikakana chipepeso cha matenda ovutika maganizo: momwe msilikali wakale wa ku America angachitire apilo

Kalata yokana pempho la chipepeso yochokera ku Department of Veterans Affairs, nthambi ya boma la America yoona za asilikali akale yomwe anthu amangoti VA, imakhala ya masamba angapo. Ambiri amangowerenga tsamba loyamba, akaona kuti akanidwa amaiponya m'kabati. Kwa munthu wodwala matenda ovutika maganizo zimenezi n'zomveka, chifukwa matendawa amalanda ngakhale mphamvu zotsegulira envulopu. Koma apilo yonse imayambira pa kalatayo. M'menemo ndi momwe alembamo chimene chasowa, ndipo kuchokera pa deti yomwe ili pamwamba pake muli ndi chaka chimodzi chochitira apilo. Malangizo awa ndi a munthu amene anagwirapo ntchito ya usilikali ku United States, komanso mkazi, mwamuna kapena m'bale amene akumuthandiza. Akukhudzanso anthu ochokera ku Malawi kapena ku Zambia amene analowa usilikali wa kumeneko ali ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, ndipo kubwerera kumudzi sikumulanda munthu ufulu wa chipepesochi.

Yambani ndi chifukwa chimene akukanirani

Kuti VA ivomere kuti matenda anu akukhudzana ndi usilikali, imafuna zinthu zitatu. Pakhale matenda amene dokotala wawapeza panopa n'kuwatchula dzina lake molingana ndi buku la madokotala la DSM-5. Pakhale chinthu chimene chinachitika muli msilikali, kaya kuvulala, kudwala, kuona zoopsa kapena kuchitidwa nkhanza. Ndipo pakhale dokotala wonena kuti choyambacho chinabwera chifukwa cha chachiwiricho, chimene VA imatcha nexus. Pafupifupi kukana kulikonse kumachokera pa kusowa kwa chimodzi mwa zitatuzi, ndipo lamulo limakakamiza VA kulemba chimene chasowacho.

Pezani gawo la kalata lofotokoza zifukwa za chigamulo. Kenako pezani pamene alemba kuti favorable findings, zomwe ndi mfundo zimene VA yavomera kale kuti zili kumbali yanu. Mfundo zimenezi zimamanga aliyense amene adzaunikenso nkhani yanu, pokhapokha patapezeka kulakwitsa koonekeratu. Ngati avomera kale kuti mukudwala major depressive disorder, matenda a kukhumudwa kwakukulu, musataye ndalama kukafuna dokotala wina wodzanenanso zomwezo. Limbanani ndi chosowacho basi. Anthu ambiri amaluza kachiwiri chifukwa chotumiza mulu wa mapepala otsimikizira chinthu chimene VA sinatsutse n'komwe.

Onaninso mndandanda wa umboni umene akuti anaugwiritsa ntchito. Ngati munatumiza kalata ya dokotala wanu kapena ya mnzanu wa kuusilikali koma siikuoneka pa mndandandawo, lembani zimenezo pambali, zidzakuthandizani posankha njira.

Itanitsani fayilo yanu

VA imasunga zonse zokhudza pempho lanu mu fayilo yotchedwa C-file. Mumaipempha ndi fomu ya VA 20-10206, ndipo imatha miyezi isanafike, choncho ipempheni sabata yomwe kalata yokana yafika. Woimira wanu wovomerezeka, amene tim'kamba kutsogoloku, nthawi zambiri amatha kuiona pa kompyuta mwamsanga kuposa pamenepo.

Mu fayiloyo chofunika kwambiri ndi lipoti la dokotala amene anakuyezani pa C&P exam, kuyeza kumene VA imakonza isanagamule. Liwerengeni mzere ndi mzere. Kodi walemba kuti anaona fayilo yanu? Kodi zimene munamuuza zilimo, kapena walemba kuti mumagona bwino pamene munati mumadzuka usiku uliwonse? Chifukwa chake chokanira n'chotani? Kawirikawiri mudzapeza chiganizo chimodzi chokha, chakuti m'mabuku a chipatala cha asilikali mulibe dandaulo la matenda a maganizo. Chifukwa chimenechi pachokha n'chofooka. Pa mlandu wa Buchanan v. Nicholson mu 2006, khoti linanena kuti umboni wa munthu wamba sungatayidwe chabe chifukwa palibe zolemba za kuchipatala za nthawi imeneyo. Asilikali ambiri sankapita kukadandaula za maganizo poopa kunyozedwa ndi anzawo, kulandidwa mfuti kapena kutsekeredwa mwayi wokwezedwa.

Dziwaninso kuti zolemba za chipatala cha maganizo cha ku kampu, ndi za nthawi imene munagonekedwa m'chipatala, nthawi zambiri zimasungidwa padera, pa dzina la chipatalacho. Ngati munaonanapo ndi dokotala wa maganizo muli msilikali koma mu fayilo mulibe, uzani VA dzina la chipatala, mwezi ndi chaka, kuti akazifune.

Njira zitatu, ndi momwe mungasankhire

Kuyambira pa 19 February 2019, lamulo la Appeals Modernization Act linapatsa wokanidwa njira zitatu. Dzifunseni funso limodzi: kodi fayilo ikusowa umboni, kapena umboni ulimo koma VA inauwerenga molakwika?

Ngati umboni ukusowa, njira yanu ndi Supplemental Claim, pa fomu 20-0995. Pamafunika umboni watsopano ndi wokhudza nkhaniyo, kutanthauza umene VA inalibe pogamula, komanso wotha kutsimikiza kapena kutsutsa mfundo imene yavuta. Pa njirayi VA ili ndi udindo wokuthandizani kusonkhanitsa zolemba, ndipo itha kukukonzerani kuyezedwa kwina. Kwa ambiri okanidwa pa matenda ovutika maganizo, iyi ndi njira yoyenera kuyambira, chifukwa chosowa chimakhala kalata ya dokotala kapena umboni wa anthu.

Ngati zonse zinali mu fayilo koma wogamula anadumpha kalata ina, anatsatira lipoti lopanda zifukwa, kapena sanakuyezetseni n'komwe, sankhani Higher-Level Review, pa fomu 20-0996. Wantchito wamkulupo amaunikanso fayilo momwe inalili pa tsiku la chigamulo. Umboni watsopano saulandira, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa: amatumiza kalata yabwino ya dokotala pamodzi ndi fomuyi, kalatayo n'kusawerengedwa. Pa fomu yomweyo chongani kuti mukufuna informal conference, kukambirana kwa pa foni kamodzi ndi wounikayo. Musakafotokoze mbiri ya moyo wanu pa foniyo. Konzani mfundo ziwiri kapena zitatu, iliyonse ndi deti ya chikalata chake, monga kuti lipoti la pa deti yakuti silinakambepo za ululu wa msana ngakhale pempho linautchula. Wounikayo akapeza kuti VA inalephera udindo wake wothandiza, amabweza nkhani kuti akonze, kawirikawiri pokuyezaninso. VA imati cholinga chake ndi kumaliza njira ziwirizi m'masiku 125.

Njira yachitatu ndi kupita kwa woweruza wa Board of Veterans' Appeals, pa fomu 10182. Kumeneko mumasankhanso pakati pa zitatu: woweruza angoona fayilo popanda umboni wina, ndipo cholinga ndi masiku 365, mutumize umboni watsopano pamodzi ndi fomu kapena m'masiku 90 otsatira, kapena muonekere pamaso pake, pa intaneti muli kunyumba, pa ofesi ya VA, kapena ku Washington, n'kukhala ndi masiku 90 otumiza umboni mutamvedwa. Kuonekera kwa woweruza kumachedwa kuposa zonse, choncho musakusankhe chabe chifukwa mukufuna wina akumvereni. Board imathandiza kwambiri nkhani ikakhala ya kumasulira lamulo, kapena ofesi ya m'chigawo ikabwereza kulakwitsa komweko.

Pa za chaka chimodzi chija, akuluakulu amati mlandu suola, ndipo Supplemental Claim mutha kuipereka ngakhale patapita zaka zambiri. Chimene chimaola ndi ndalama za m'mbuyo. Tinene kuti munapempha mu March 2023, akukanirani, ndipo nthawi iliyonse mwachita apilo chaka chisanathe mpaka kupambana mu 2026. VA idzakulipirani kuyambira April 2023. Koma mukadumphitsa chaka n'kudzapereka pempho mu 2025, malipiro ayambira mu 2025, ndipo za miyezi yapakatiyo zapita. Higher-Level Review ndi apilo ya ku Board zokha nthawi zambiri sizilandiridwa chaka chikadutsa. Lembani tsiku lomaliza pa kalendala ndipo muuze munthu wina wa m'banjamo, chifukwa matendawa akakula masabata amadutsa osadziwika.

Kumanga umboni

Ngati akuti palibe matenda opezeka, pitani mukaonane ndi dokotala wa maganizo, wa VA kapena wapadera, ndipo pitirizani kulandira chithandizo. Zolemba za miyezi ingapo zimalemera kuposa ulendo umodzi wopita kukangofuna kalata. Dokotala wapadera angadzaze fomu ya mafunso ya Mental Disorders DBQ imene ili pa webusaiti ya VA. Kuti VA itenge zolemba kwa dokotala wapadera, sainani fomu 21-4142 ndi 21-4142a. Zolemba za ku Vet Center, malo a VA operekera uphungu kwa asilikali akale, zimasungidwa mwachinsinsi padera, ndiye perekani chilolezo kuti zitumizidwe. Ngati munapempha za PTSD, matenda obwera munthu akakumana ndi zoopsa, koma dokotala wapeza matenda a kukhumudwa kapena a nkhawa, VA siyenera kungokana n'kutseka nkhani. Mlandu wa Clemons v. Shinseki wa mu 2009 unakhazikitsa kuti pempho la matenda amodzi a maganizo limakhudza alionse amene zizindikiro zanu zikuloza, popeza msilikali si dokotala woti adziwe dzina lenileni la matenda ake.

Ngati akuti palibe umboni wa zimene zinachitika ku usilikali, apa ndi pofunika mboni. Mkazi wanu, mayi anu, m'busa, kapena mnzanu amene munali naye gulu limodzi alembe pa fomu 21-10210. Asalembe kuti munali munthu wabwino ndipo mukuyenera thandizo. Alembe zimene anaona ndi maso, ndi nthawi yake: kuti musanapite munkaimba kwaya ndi kusewera mpira, koma mutabwera mu 2011 munkadzitsekera m'chipinda masiku atatu, munasiya kusamba, munakalipira mwana chifukwa cha phokoso la supuni. Asatchule dzina la matenda, imeneyo ndi ntchito ya dokotala. Inunso lembani mbali yanu, ndipo ngati panachitika chinthu choopsa gwiritsani ntchito fomu 21-0781.

Fayilo ya ntchito yanu ya usilikali imayankhulanso. Malikisi a kagwiridwe ka ntchito otsika mwadzidzidzi, chilango choyamba patatha zaka za mbiri yoyera, pempho losamutsidwa popanda chifukwa chomveka, kuyamba kumwa kwambiri, zonsezi ndi zizindikiro. Kwa amene anagwiriridwa kapena kuchitidwa nkhanza zogonana ali ku usilikali, amuna ndi akazi omwe, malamulo a VA pa nkhani ya PTSD amavomereza zizindikiro ngati zimenezi, pamodzi ndi kuyezetsa mimba kapena matenda opatsirana pogonana, ndi mawu a achibale kapena atsogoleri a mpingo, chifukwa n'zodziwika kuti ambiri sankakanena.

Ngati chosowa ndi nexus, mukufunika kalata ya dokotala, ndipo kalembedwe kake ndi kamene kamapambanitsa kapena kuluzitsa. Dokotala anene kuti waona zolemba zanu za ku usilikali ndi za pambuyo pake. Agwiritse ntchito mawu amene VA imayendera, akuti "at least as likely as not", kutanthauza kuti mwayi woti matendawa anachokera ku usilikali ndi theka kapena kuposa. Mawu oti mwina kapena n'kutheka amaonedwa ngati kungoganizira. Ndiyeno afotokoze chifukwa chake, polumikiza madeti, zizindikiro ndi zimene madokotala amadziwa za matendawa, ndipo ayankhe mwachindunji chifukwa chimene dokotala wa VA anakanira. Pa mlandu wa Nieves-Rodriguez v. Peake mu 2008, khoti linati mphamvu ya maganizo a dokotala ili m'zifukwa zimene wapereka. Umboni wa mbali ziwiri ukalingana, lamulo limati wopindula ndi msilikali.

Pali khomo lina limene ambiri saliona. Matenda ovutika maganizo atha kuvomerezedwa ngati obwera chifukwa cha matenda ena amene VA inavomera kale, malinga ndi lamulo la 38 CFR 3.310. Msana wopweteka usiku ndi usana, bondo lokulepheretsani ntchito imene munaiphunzira, kulira kwa m'makutu kosaleka, mutu waching'alang'ala, zonsezi zimatha kumugwetsa munthu m'maganizo patapita zaka atavula yunifolomu. Apa simufunikanso kusonyeza kuti munadwala maganizo muli msilikali. Dokotala ayankhe mafunso awiri padera: kodi matenda ovomerezedwawo anayambitsa vutoli, ndipo ngati ayi, kodi analikulitsa? Lipoti loyankha funso loyamba lokha n'loperewera, ndipo chimenecho ndi chifukwa chokwanira chochitira apilo.

Zifukwa zina zitatu zokanira zimafuna yankho lakelake. Akati muli ndi personality disorder, vuto la khalidwe lokhazikika mwa munthu, dziwani kuti VA siliwerengera vutoli ngati matenda olipirira, choncho pafunika dokotala wonena ngati dzinalo linaperekedwa molakwika kapena ngati pali matenda ena pamwamba pake. Akati vuto ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, lamulo silimalipira zimenezi pazokha, koma mlandu wa Allen v. Principi wa mu 2001 umalola ngati kumwako kunabwera chifukwa cha matenda ovomerezedwa, ndiye dokotala afotokoze chimene chinayamba. Akati munali wodwala kale musanalowe usilikali, onani lipoti la kuyezedwa kwanu polowa. Ngati silinatchule vutolo, lamulo limakutengani kuti munalowa muli bwino, ndipo ndi VA imene iyenera kubweretsa umboni woonekeratu kuti munali nalo kale komanso kuti usilikali sunalikulitse.

Tsiku loyezedwanso

Musaphonye tsikuli. Pa Supplemental Claim ya chinthu chimene chinakanidwa kale, kusapita popanda chifukwa chomveka kumachititsa kuti pempho likanidwe. Ngati simungathe, imbani foni tsiku lisanafike kuti asinthe.

Dokotala akafunsa kuti muli bwanji, mwambo umatikoka kuyankha kuti tili bwino, ndipo usilikali unaphunzitsa kupirira osadandaula. Yankho limenelo limalowa m'lipoti. Musakokomeze, madokotala ali ndi njira zoyezera kukokomeza ndipo akakukayikirani umboni wanu wonse umafooka. Koma musabisenso. Fotokozani momwe mwezi wonse umayendera, osati tsiku limenelo lokha: masiku angati simunadzuke pabedi, maola angati mumagona, ntchito zingati mwasiya kapena kuchotsedwa ndipo chifukwa chiyani, mumacheza ndi ndani. Lembani zimenezi papepala musananyamuke. Mukatuluka, lembani nthawi imene kuyezako kunatenga ndi zimene sanakufunseni.

Akavomera koma peresenti n'kuchepa

Matenda a maganizo amapatsidwa 0, 10, 30, 50, 70 kapena 100 peresenti, malinga ndi lamulo la 38 CFR 4.130, ndipo chipepeso chimayendera peresentiyo. Muyezo wake ndi momwe akusokonezerani pa ntchito ndi pokhala ndi anthu. Pa 30 pali kukhumudwa, nkhawa, kusowa tulo ndi kuiwalaiwala pang'ono, munthu akugwirabe ntchito nthawi zambiri. Pa 50 kudalirika pa ntchito kwatsika, mantha aakulu amamugwira koposa kamodzi pa sabata, ndipo ubale ndi anthu ukuvuta. Pa 70 mbali zambiri za moyo zasokonekera: maganizo ofuna kudzipha, kukhumudwa kosalekeza kolepheretsa kudziyang'anira, kusadzisamalira pathupi. Pa 100 munthu sangathenso ntchito kapena kukhala ndi anthu. Simufunika kukhala ndi chizindikiro chilichonse cha pa mndandanda, khoti linanena mu 2002 pa mlandu wa Mauerhan kuti ndi zitsanzo chabe. Mukakhala ndi PTSD pamodzi ndi matenda a kukhumudwa, kawirikawiri peresenti imakhala imodzi, chifukwa chizindikiro chimodzi sichilipiridwa kawiri.

Maganizo ofuna kudzipha ndi amene anthu amabisa kwambiri. Pa mlandu wa Bankhead v. Shulkin mu 2017, khoti linati maganizowa amawerengedwa ngakhale munthu alibe pulani ndipo sanagonekedwepo m'chipatala. Anenani kwa dokotala, poyamba chifukwa cha moyo wanu. Ngati akukuvutitsani panopa ndipo muli ku America, imbani 988 n'kudina 1, kapena tumizani uthenga ku 838255, usana kapena usiku. Kuyambira January 2023, asilikali akale ambiri amene ali pangozi yodzipha amalandira chithandizo chadzidzidzi chaulere pa chipatala chilichonse, cha VA kapena ayi.

Ngati matendawa akulepheretsani kugwira ntchito yopezera zosowa, pemphani TDIU, chipepeso cha wolephera kugwira ntchito, pa fomu 21-8940. Imalipira mofanana ndi 100 peresenti. Nthawi zambiri pamafunika matenda amodzi a 60 peresenti kapena kuposa, kapena angapo okwana 70 kapena kuposa, amodzi mwa iwo ali pa 40 kapena kuposa.

Wokuimirani, ndi zotsatira Board ikakana

Musayende nokha. Mabungwe monga Disabled American Veterans, Veterans of Foreign Wars ndi American Legion amathandiza kwaulere, mumangosaina fomu 21-22. Loya kapena wothandiza wovomerezedwa ndi VA mumamusankha ndi fomu 21-22a, ndipo amaloledwa kulipiritsa pokhapokha chigamulo choyamba chitatuluka. Malipiro osapitirira 20 peresenti ya ndalama za m'mbuyo amaonedwa kuti ndi oyenera, opitirira gawo limodzi mwa atatu amaonedwa kuti ndi okwera mopambanitsa. Pali makampani osavomerezedwa amene amafuna malipiro a miyezi ingapo ya ndalama zimene zakwera, ndipo sangakuimireni pa apilo. Musanasaine chilichonse, fufuzani dzina la munthuyo pa mndandanda wa ovomerezedwa wa ofesi ya maloya a VA, Office of General Counsel.

Board ikakana, muli ndi masiku 120 okha opititsa nkhani ku Court of Appeals for Veterans Claims. Khotili sililandira umboni watsopano, limangoona ngati Board inalakwitsa, ndipo nthawi zambiri limabweza nkhani kuti iunikidwenso. Ngati muli ndi umboni wina, muthanso kupereka Supplemental Claim chaka chisanathe kuchokera pa chigamulo cha Board, deti yanu yoyambirira n'kusungikabe. Chilichonse chimene mwatumiza, sungani kope lake ndi chitsimikizo cha tsiku: tsamba lotsimikiza la pa intaneti, lisiti la fakisi kapena la kupositi. Amene ali kunja kwa America atumize pa intaneti, chifukwa makalata a VA amachedwa panjira pamene chaka chimawerengedwabe kuchokera pa deti ya pa kalata.